Kusankha gitala ya besi yoyamba: zofunika kudziwa musanatulutse ndalama

Ndalama za mbatata ya kachewere, soya, nyemba ndi fodya zikayamba kulowa m'matumba, makwaya a m'mipingo ndi magulu oimba a achinyamata m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amayamba kukambirana zogula zida zoimbira. Kawirikawiri kiyibodi ndi masipika ndizo zimayamba kugulidwa, kenako anthu amaona kuti nyimbo zikumveka zopepuka, zopanda tsinde. Apa m'pamene pamabwera nkhani ya gitala ya besi, imene m'masitolo a ku Tete ndi ku Beira amaitchula kuti viola baixo.

Ndalama zogulira chida chimenechi zimakhala thukuta la chaka chonse, kapena zosonkha mpingo wonse. Kuno kwathu amisiri okonza magitala ndi osowa, ndipo nsambo za besi sizipezeka pamsika uliwonse. Wogula molakwika amakhala wataya ndalama zimene adzazionenso chaka chamawa. Besi yoyenera munthu woyamba ndi ya khosi lowongoka, yofewa m'manja, komanso yogwirizana ndi ampulifaya ndi magetsi amene alipo kumene akukhala. Utoto ndi dzina la kampani zibwere pomaliza.

Ntchito ya besi m'gulu loimba

Besi ndiyo imalumikiza ng'oma ndi zida zina. Imayenda limodzi ndi ng'oma yaikulu yopondedwa ndi phazi, ndipo nthawi yomweyo imasonyeza oimba pamene nyimbo yakhotera. Woimba besi amakhudza nsambo imodzi pa nthawi, pogwiritsa ntchito zala ziwiri za dzanja lamanja.

Besi wamba ili ndi nsambo zinayi. Kuyambira pa yaikulu, zimatchunidwa E, A, D, G. Amene anaphunzira nyimbo m'Chipwitikizi amazidziwa kuti Mi, Lá, Ré, Sol. Maina ake ndi ofanana ndi a nsambo zinayi zazikulu za gitala wamba, koma mawu ake ndi otsika kwambiri. Nsambo ya E imanjenjemera pafupifupi ka 41 pa sekondi imodzi, n'chifukwa chake mawu ake amamveka m'chifuwa pamodzi ndi m'makutu. Kutsika kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti besi ifune sipika yakeyake.

Kumene inachokera

Kale magulu oimba ku America ankagwiritsa ntchito chibesi chachikulu choimika pansi, chotalika ngati munthu. Paul Tutmarc wa ku Seattle anapanga besi yamagetsi yonyamula ngati gitala m'zaka za m'ma 1930, koma siinafale. Imene inafala dziko lonse ndi Precision Bass, yomwe Leo Fender anatulutsa mu 1951. Mu 1960 kampani yake inatulutsanso Jazz Bass. Mpaka lero mabesi ambiri otsika mtengo amatengera mitundu iwiri imeneyi, ndipo ogulitsa amangoti P kapena J.

Mawu a besi si achilendo m'makutu mwathu. Ku Malawi kuli babatoni, besi ya nsambo imodzi yopangidwa pamanja, imene amaimba Gasper Nali ndi Yobu Maligwa wa Madalitso Band. Ku Zimbabwe, Alick Macheso wa gulu la Orchestra Mberikwazvo, yemwe bambo ake anali ochokera ku Malawi ndipo amaimbanso m'Chichewa, anasonyeza kuti m'nyimbo za sungura besi ikhoza kutsogolera gulu lonse. Achinyamata ambiri a m'malire muno amafuna besi chifukwa chomvera iyeyo.

Nsambo zinayi kapena zisanu?

Besi ya nsambo zisanu ili ndi nsambo yowonjezera ya B, kapena kuti Si, yotsika kuposa E. Oimba nyimbo zauzimu zamakono amaikonda chifukwa imafika pa mawu otsika amene kiyibodi imatulutsa. Koma khosi lake ndi lotambalala, imalemera, nsambo zake ndi zokwera mtengo, ndipo nsambo ya B siimveka bwino pa ampulifaya yaing'ono. Wophunzira amavutikanso kutontholetsa nsambo zimene sakuziimba, mpaka nyimbo imamveka ngati njuchi zili m'mng'oma.

Kwa woyamba, nsambo zinayi n'zokwanira. Rege, sungura, rumba, marrabenta ndi nyimbo zambiri za kwaya zimaimbika bwinobwino pa nsambo zinayi. Ya zisanu igulidwe ngati mpingo uli kale ndi masipika aakulu komanso munthu wodziwa amene angaphunzitse ena.

Kutalika ndi kulemera

Utali wa besi amauyeza kuchokera pamene nsambo zayambira kumutu kukafika pa chitsulo chozigwira kumunsi, chimene amati bridge. Mabesi ambiri ndi a mainchesi 34, kapena kuti masentimita 86. Aliponso aafupi a mainchesi 30, omwe ndi masentimita 76, monga Squier Bronco. Aafupiwa amathandiza ana a sukulu ndi anthu a zala zazifupi, koma amafuna nsambo za muyezo wake zimene kuno zimasowa kwambiri. Munthu wamkulu atenge ya mainchesi 34.

Khosi la mtundu wa J ndi lochepa kumutu, pafupifupi mamilimita 38, pamene la mtundu wa P limapitirira mamilimita 41. Kusiyanaku kukuoneka kochepa, koma dzanja limakumva. Gwirani onse awiri musanasankhe.

Besi imalemera pafupifupi makilogalamu 4. Mapemphero a maola atatu kapena phwando la ukwati la usiku wonse zimasonyeza msanga kulemera kumeneku paphewa. Ikolekeni ndi lamba, muimirire, musiye manja. Ngati mutu wake ukugwera pansi, dzanja lamanzere lidzatopa ndi kuugwirira m'malo moimba.

Oimba ndi dzanja lamanzere adziwe kuti mabesi awo amapangidwa ochepa. Amene sanayambe n'komwe kuphunzira ayeseko kaye besi ya kumanja, popeza manja onse awiri amagwira ntchito, ndipo adzatha kubwereka ya mnzawo tsiku limene yawo yavuta.

Ma pickup ndi nkhani ya batire

Pansi pa nsambo pali timabokosi takuda totchedwa pickup. M'kati mwake muli maginito ndi waya wopyapyala wokulungidwa kambirimbiri. Nsambo ikanjenjemera, pickup imasandutsa kunjenjemerako kukhala mphamvu yochepa yamagetsi yopita ku ampulifaya.

Pickup ya P ndi yogawika pawiri ndipo imakhala pakati. Mawu ake ndi onenepa, ndipo siikoka mkokomo wa magetsi. Besi ya J ili ndi ma pickup awiri aatali. Mawu ake ndi owala, oyenera woimba wothamangitsa zala ngati wa sungura, koma mukatsegula imodzi yokha imatha kung'ung'uza. Mukatsegula zonse ziwiri mofanana phokosolo limachepa. Palinso PJ, yokhala ndi imodzi ya P ndi imodzi ya J. Kwa gulu loimba nyimbo zamitundumitundu, PJ imakwanira bwino.

Funsaninso ngati besiyo ndi passive kapena active. Ya passive siifuna batire. Ya active ili ndi kachipinda kumbuyo kokhalamo batire la mavoti 9, lamakona anayi. Batire limeneli limayamba kudyeka chingwe chikangolowetsedwa mu gitala, ngakhale musakuimba. Likafooka mawu amayamba kusweka, ndipo pa mabesi ambiri likatha gitala imangoti zii pakati pa nyimbo. M'magolosale a kumudzi batire lotere silipezeka kawirikawiri. Amene ali kutali ndi Ulongwe, Furancungo kapena Moatize asankhe ya passive.

Maina a makampani ndi zachinyengo

Makampani odziwika popanga mabesi abwino a oyamba ndi monga Squier, yomwe ndi ya Fender, komanso Yamaha, Ibanez ndi Cort. Mwachitsanzo, Yamaha TRBX174 ndi ya nsambo zinayi, ya PJ, yosafuna batire. Ibanez GSR200 nayonso ndi ya PJ, ya khosi lochepa, koma imafuna batire. Mabesi oterewa amapangidwa makamaka ku Indonesia ndi ku China, ndipo zimenezi si vuto ayi.

Vuto ndi gitala yopanda mwini imene aimata dzina lalikulu. Mukaona besi yatsopano yolembedwa Fender ikugulitsidwa motsika kuposa Squier, dziwani kuti ndi yabodza. Yeniyeni imakhala ndi nambala yake ndi dzina la dziko limene inapangidwa, kumutu kapena pamene khosi lalumikizana ndi thupi. Paja chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Besi yakale ya kampani yodziwika, yokalikakalika utoto koma ya khosi labwino, imaposa yatsopano yonyezimira yosadziwika kumene yachokera.

Kuyesa gitala musanalipire

Pitani ndi munthu woimba kale ngati alipo. Tengani foni yokhala ndi pulogalamu yotchunira gitala. Musalole kugula besi imene simunaimve pa ampulifaya.

1. Khosi. Tchunani nsambo zonse kaye. Kenako yang'anani khosi kuchokera kumutu kutsikira kuthupi, monga mmisiri amayang'anira thabwa. Kupindikira pang'ono kutsogolo n'koyenera. Koma ngati mbali imodzi yakwera ina yatsika, khosilo ndi lopotoka ndipo kulikonza kumaposa mtengo wa gitala. Isiyeni.

2. Mpata wa pakati. Mafureti ndi timizere tachitsulo topingasa pakhosi. Dinani nsambo ya E pa fureti yoyamba ndi pa yomaliza nthawi imodzi, muone mpata wa pakati pa nsambo ndi fureti ya 8. Uyenera kukhala wochepa, wongolowa khadi yopyapyala. Ukakula ngati kamtengo ka machesi, khosi lawerama kwambiri. Nsambo ikagona pa fureti popanda mpata, khosi labwerera kumbuyo.

3. Chitsulo cha m'khosi. M'kati mwa khosi muli chitsulo chachitali chotchedwa truss rod, chimene amawongolera khosi pochipotokola ndi kasipanala kamakona asanu ndi limodzi. Pemphani wogulitsa akusonyezeni kuti chimazungulira. Chikakhala chothyoka kapena chodyeka mutu, khosi silingawongoledwenso. Pa besi yakale ichi ndicho chofunika kuposa zonse.

4. Kukwera kwa nsambo. Pa fureti ya 12, popanda kudina, mpata wa pansi pa nsambo ya E ukhale mamilimita awiri kapena atatu. Nsambo zokwera kwambiri zimapweteka zala ndipo zagwetsa ulesi ophunzira ambiri. Ngati khosi lili bwino, zimatsitsidwa ndi tizomangira ta pa bridge.

5. Fureti iliyonse. Imbani nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Mverani ngati pali pamene pakulira ngati lata kapena pamene mawu akufa msanga. Yendetsaninso dzanja m'mbali mwa khosi. Mafureti osongoka amacheka.

6. Kulondola kwa mawu. Imbani nsambo yosadina, kenako muidine pa fureti ya 12. Foni isonyeze chilembo chimodzimodzi, singano ili pakati. Kusiyana pang'ono kumakonzedwa pa bridge. Kusiyana kwakukulu pa nsambo zonse ndi chizindikiro cha gitala yopangidwa mwachisawawa, ndipo siidzagwirizana ndi kiyibodi.

7. Makiyi okungira nsambo. Azizungulira mofewa, osaterereka, osagwedera.

8. Zamagetsi. Potokolani mabatani onse. Kukhetchera pang'ono kungakhale fumbi chabe, koma mawu akamazima n'kubwerera, batanilo latha. Gwedezani chingwe polowera pake, muone ngati mawu sakuduka. Kung'ung'uza kochepa kumene kumatha mukagwira nsambo n'kwachizolowezi. Kukamakula mukagwira nsambo, mawaya a m'kati ndi olakwika.

9. Ming'alu. Yang'anani kumutu ndi pamene khosi lamangidwa kuthupi. Mng'alu wa utoto ulibe kanthu, koma wolowa m'thabwa ndi woopsa. Pa gitala imene yakhalitsa kumudzi yang'ananinso timabowo ta anankafumbwe.

Ampulifaya ndi theka la chida

Besi yamagetsi payokha imamveka pang'ono chabe, moti ana akamasewera panja simungaimve. Iyenera kukhala ndi ampulifaya yopangidwira besi. Mawu otsika amakankha mpweya wambiri, ndipo sipika ya gitala wamba, ya wailesi kapena ya Bluetooth imang'ambika ikakakamizidwa kuwatulutsa mokweza.

Pophunzirira m'nyumba, ampulifaya ya mawati 15 mpaka 25 yokhala ndi sipika ya mainchesi 8 ikukwanira. Poimba pamodzi ndi ng'oma m'tchalitchi pamafunika mawati 100 kapena kuposa, ndi sipika ya mainchesi 12 kapena 15. Mpingo umene uli kale ndi mikisa ndi masipika aakulu ungathe kulumikiza besi ku mikisa kudzera m'kabokosi kotchedwa DI, kamene mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi ampulifaya yaikulu. Chofunika n'chakuti woimbayo azidzimva bwino pamene waima.

Kumene kulibiretu magetsi, pali tiampulifaya tam'thumba tolowetsa mu gitala momwemo, toyendera mabatire ang'onoang'ono a AAA, tomvera ndi mahedifoni. Timathandiza munthu kuphunzira madzulo akaweruka kumunda popanda kusokoneza a m'nyumba.

Magetsi: werengani kumbuyo kwa ampulifaya

Magetsi a EDM ndi a mavoti 220. Zida zogulidwa ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku South Africa zimagwira bwino pa magetsi amenewa. Koma ampulifaya yakale yochokera ku America ikhoza kukhala ya mavoti 110 kapena 120, ndipo mukailowetsa pa soketi yathu imapsa nthawi yomweyo. Zimalembedwa kumbuyo, pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Pomwepo pamalembedwanso mawati amene ampulifaya imadya, ndipo nambala imeneyi ndiyo muiyerekeze ndi mphamvu ya inveta kapena jenereta yanu.

Pulagi ya ku Malawi ili ndi mano atatu amakona, ya ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira aakulu, pamene masoketi ambiri kuno ndi a mabowo awiri obulungira. Musathyole dzino lachitatu kapena kulowetsa mawaya osenda m'soketi. Dzino limenelo ndilo limathawitsira pansi magetsi akasokonekera. Nsambo za besi n'zolumikizidwa ndi ampulifaya kudzera m'chingwe, choncho vuto la magetsi limafika m'manja mwa woimba. Musaimbe osavala nsapato pa dothi lonyowa kapena pa simenti yonyowa. Mukamva kuluma pogwira nsambo kapena maikolofoni, zimitsani zonse ndipo itanani wodziwa zamagetsi.

Pa sola, inveta yolembedwa pure sine wave imapereka magetsi osalala. Yotsika mtengo yolembedwa modified sine wave imabweretsa mkokomo m'masipika ndipo imatenthetsa zida. Pa jenereta, ilizeni kaye ikhazikike musanayatse ampulifaya, ndipo zimitsani ampulifaya musanazimitse jenereta. Mafuta asathere m'kati nyimbo ili pakati, chifukwa kukwera ndi kutsika kwa magetsi pa nthawi imeneyo n'kumene kumawotcha zida.

Nsambo ndi zina zotsagana nazo

Nsambo zofala ndi za mizeremizere, zotchedwa roundwound, ndipo mawu ake ndi owala. Zosalala, zotchedwa flatwound, zili ndi mawu ofatsa, sizipweteka zala, ndipo zimakhala zaka zambiri, koma mtengo wake ndi wokwera. Paketi yolembedwa 45–105 ndi mawu akuti long scale imakwana pa besi ya mainchesi 34. Gulani paketi yapadera tsiku lomwelo mukugula gitala.

Nsambo za besi siziduka kawirikawiri, koma thukuta ndi fumbi zimazipha mawu. Pukutani ndi nsalu youma mukatha kuimba. Oimba ena amachotsa nsambo zakale za mizeremizere n'kuziwiritsa m'madzi kwa mphindi 10 kapena 15, n'kuziumitsa bwino asanazibwezere. Mawu amabwererako kwa kanthawi.

Pafunikanso chingwe cholimba cha jeki ya mamilimita 6.35, lamba wotambalala, tisipanala towongolera khosi ndi bridge, ndi chikwama chochindikala. Chikwamachi musachione ngati chokongoletsera, popeza besi idzakwera chapa, njinga yamoto ndi ngolo.

Kugawa ndalama ndi kugula kutsidya kwa malire

Musathere ndalama zonse pa gitala. Ngati mulibe ampulifaya, gitala isadye zoposa theka la zimene mwasonkha. Zotsalazo zikhale za ampulifaya, chingwe, chikwama, nsambo zapadera ndi ulendo. Zikapanda kukwana, ndi bwino kudikira zokolola zina kusiyana ndi kugula chida choti chizingopachikidwa pakhoma.

Ambiri a kuno amaona kuti Lilongwe kapena Blantyre ndi pafupi kuposa Beira ndi Maputo, ndipo amadutsira pa Calómuè kapena pa Zóbuè. Ena amatuma abale a ku Johannesburg kapena ku Harare. Yerekezani mitengo powerengera kusintha kwa metikale ndi kwacha kapena randi pa tsikulo, kuphatikizapo ulendo ndi msonkho wa pachipata. Sungani lisiti yolembedwa dzina la chida ndi nambala yake kuti musonyeze a Alfândega. Potuma munthu, mulembereni dzina lenileni la gitala, ndipo akutumizireni vidiyo ikuimbidwa fureti iliyonse. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu wa pa Facebook amene simunamuone ndi katundu wake. Pogula besi yakale funsani mbiri yake, chifukwa zida zobedwa m'matchalitchi zimagulitsidwanso.

Ngati ndalama ndi za gulu, lembani m'buku kuti chidacho ndi cha ndani, chizisungidwa kuti, ndipo adzagule nsambo ndani. Magulu amatha kupasuka pa nkhani zoterezi.

Kusamalira ikafika kunyumba

Thabwa limamva nyengo. Besi yogulidwa ku Tete m'kutentha kwa Okutobala ikakwera ku Tsangano n'kukumana ndi chinyontho cha dzinja ndi chisanu cha Juni, khosi lake limasuntha pang'ono. Nsambo zikayamba kukwera kapena kulira pa mafureti, yesaninso mpata uja wa pa fureti ya 8. Chitsulo cha m'khosi chipotokoledwe pang'ono pokha, osapitirira kota ya kuzungulira kumodzi pa tsiku, ndipo chikalimba musachikakamize.

Musasiye besi padzuwa, pafupi ndi moto, kapena pansi pa malata odontha. Musaiyedzamiritse khosi pakhoma kwa masiku ambiri. Isungidwe m'chikwama, pamalo okwera, kutali ndi makoswe ndi chiswe, komanso kutali ndi matumba a feteleza amene amachititsa dzimbiri pa zitsulo. Chotsani chingwe mukamaliza.

Masabata oyamba nsonga za zala zimawawa ndipo nthawi zina zimatuluka matuza, ngati mmene limachitira khasu kumayambiriro a ulimi. Mphindi 20 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola anayi Loweruka lokha. Phunzirani limodzi ndi woimba ng'oma kuyambira pachiyambi, ndipo tchunani gitala nthawi iliyonse musanayambe kuimba.